Ndabwerako ku Antarctica, ndikuthokozeni

Abale ndi alongo, ndatsika sitima ku Ushuaia, ku Argentina, ndipo kontrakiti yanga yoyamba ya kukhitchini yatha bwino.

Ndiyambe ndi inu achemwali anga. Amayi atagonekedwa m'chipatala ine ndili pakati pa nyanja, netiweki ikuvuta, ndinu munkagona pansi pambali pa bedi lawo mpaka anatuluka. Amalume, ndalama za kosi ya chitetezo cha pasitima ku Cape Town munandibwereka osafunsa n'komwe tsiku lobweza. Mulungu akudalitseni nonse awiri.

Pa Drake Passage, nyanja ya pakati pa South America ndi Antarctica, ndiye panandionetsa zakuda. Masiku awiri mafunde okhaokha, mapoto tikuchita kuwatsekereza pachitofu, nsalu zapatebulo tikuzinyowetsa dala kuti mbale zisamatsetsereke, ine mseru uli tho. Anzanga a ku Philippines ankandigwirira ntchito ndikagwa, n'kumandipatsa jinja woti ndizitafuna. Zikomo anyamata.

Koma amene sindidzawaiwala ndi bwana wotsogolera alendo, amene ankatisungira malo ife akukhitchini m'timaboti ta Zodiac mpata ukapezeka. Chifukwa cha iwo ndinaponda gombe la St Andrews Bay pachilumba cha South Georgia, kumene ma king penguin, mbalame za m'nyanja zosauluka, amaswana mabanja oposa 100,000. Fungo limayamba kukufika musanakocheze, kenako phokoso. Ana ake ndi abulauni, aubweya nyankhalala, moti sungakhulupirire kuti makolo awo ndi aja oyera pachifuwa, achikasu m'khosi. Lamulo n'lakuti usayandikire kuposa mamita 5, ndipo nsapato timazitsuka ndi mankhwala popita ndi pobwera, makamaka chifikireni chimfine cha mbalame pachilumbachi mu 2023. Ena ankadandaula nazo, koma ine nditaona anapiye aja ndinkatsuka ndi mtima wonse.

Pafupi ndi Lemaire Channel, pamene mapiri akuda okutidwa ndi chipale amaima mbali zonse ziwiri za madzi, nangumi wa humpback anatumphuka chapafupi ndi boti lathu. Mpweya wake unatiwaza kumaso, kununkha nsomba! Woyendetsa anazimitsa injini kuti tisamusokoneze, tinangomuyang'ana mpaka anakweza mchira n'kumira.

A kumpingo, mapemphero anu ankandifika ngakhale mauthenga ankachedwa. Ndifika kumudzi mwezi wamawa ndi zithunzi zonse. Amalume, ngongole ija ndabwera nayo.