Kuchoka ku Joni kufika ku Lunzu pa galimoto yanga, zipata 6

Mu Julayi 2024 tinali ndi mwambo wa chiliza cha malemu bambo anga kwathu ku Lunzu. Zaka zonse zimene ndakhala ku Johannesburg ndinkapita kumudzi pa basi, ndipo wa pa basi ntchito yake pamalire ndi yochepa: kutsika, kudinditsa pasipoti, kukweranso. Ulendo uno ndinaganiza zotenga Toyota Hilux yanga, poti katundu anali wambiri komanso kumudziko kunkafunika galimoto yotutira simenti ndi kunyamula achibale. Tinali atatu, ine, mayi akunyumba ndi alamu anga amene tinkalandirana nawo chiwongolero. Pamene tinkafika ndinali nditadziwa kuti galimoto nayo ndi mlendo. Ili ndi mapepala akeake olowera ndi otulukira, ndipo pa chipata chilichonse imafunsidwa zambiri kuposa mwini wake.

Ntchito inayamba kutatsala masabata atatu. Galimotoyo ndinali ndisanamalize kulipira ngongole yake, choncho chikalata chenicheni cha umwini, chimene kwathu timati bluu buku, chinali kubanki. Ndinapempha kubankiko kalata yololeza kutuluka nayo m'dziko, ndipo ndinaonetsetsa kuti alembamo mayiko onse atatu, Zimbabwe, Mozambique ndi Malawi, tsiku lotuluka ndi lobwerera, nambala ya galimoto, ya chesisi ndi ya injini. Inatenga pafupifupi sabata. Ndinatenganso kalata ya kampani yanga ya inshuwalansi, ndinalemba kalata yosonyeza kuti alamu ndawalola kuyendetsa, kenako makope onse ndinakadinditsa kupolisi. Ndinagula mathirayango awiri, kajekete konyezimira, chozimitsira moto, timapepala tonyezimira toyera kutsogolo ndi tofiira kumbuyo monga amafunira ku Zimbabwe, ndi chomata cha ZA chosonyeza kuti galimotoyo ndi ya ku South Africa. Mayi akunyumba analemba katundu yense pa pepala, chilichonse ndi mtengo wake, n'kumangirira malisiti kumbuyo. Ndalama tinagawa m'maenvulopu, dziko lililonse yake, ndipo madola tinasankha ang'onoang'ono osang'ambika, chifukwa pazenera chenji chimasowa.

Tinanyamuka 3 koloko m'bandakucha, kunja kukuzizira koopsa. Msewu wa N1 ulibe nkhani, ndi kungolipira m'zipata za msewu monga pa Carousel, Kranskop, Nyl, Capricorn ndi Baobab, kudutsa Polokwane, mpaka ku Musina kumene tinadzaza dizilo. Mbali ya South Africa pa chipata cha malire cha Beitbridge tinatha msanga. Anadinda mapasipoti ataona zilolezo zathu zokhalira m'dzikomo, a kasitomu anayang'ana katundu, wapolisi anafuna aone chesisi ndi maso ake. Pa Hilux nambalayo inakhomedwa pachitsulo cha m'munsi, kuseri kwa tayala. Ndinagwada, n'kupukuta dothi ndi kansanza, iye akuunika ndi tochi n'kumawerenga chilembo chimodzichimodzi. Kansanzako ndi tochiyo zikhale pafupi, mudzazifunanso.

Mukangowoloka mlatho wa Limpopo mwalowa ku Zimbabwe. Chipata cha kumeneko anachimanganso, ntchito inatha mu 2022, ndipo tsopano malole, mabasi ndi magalimoto ang'onoang'ono ali ndi malo awoawo. Mumalipira ndalama yolowera pachipata, n'kulandira kapepala kamene kamayenda nanu zenera ndi zenera. Kapepalako kakusowa chidindo chimodzi, wa pageti lotulukira akubwezani. Kudinditsa pasipoti sikunavute, poti ife Amalawi sitifunika viza ku Zimbabwe kapena ku Mozambique. Nkhani inali ya galimoto. A ZIMRA, bungwe la misonkho la ku Zimbabwe, amapereka chilolezo choti ilowe kwa masiku owerengeka, Temporary Import Permit, chimene aliyense pamalire amangoti TIP. Pamodzi ndi icho pali msonkho wa utsi, ndalama ya msewu ndi inshuwalansi ya m'dzikomo.

Apa ndi pamene ndinalakwitsa, ndipo ndikufuna ndifotokoze bwino. TIP ya ku Zimbabwe munthu akhoza kuilemberatu pa intaneti ali kunyumba, koma ine sindinatero. Mzere unali wautali, foni yanga sinkagwira netiweki, tulo tinali titayamba kundilemera. Panabwera mnyamata wovala kajekete konyezimira, waulemu ndithu, n'kunena kuti, "Mudhara, bweretsani mapepala, ndikuthamangirani." Anali dobadoba ngati amene timawadziwa m'maofesi a kwathu. Alamu anandikodola. "Alamu, zimenezi tipange tokha, ngakhale tichedwe." Sindinawamvere. Mnyamatayo anajambula mapepala anga, n'kulemba zonse pa foni yake, ndipo pasanathe ola ndinali nditalipira pazenera, TIP ili m'manja. Ndinamupatsa yake, ndinapinda pepalalo osaliwerenga n'kuliika m'faelo.

Usiku umenewo tinagona ku Masvingo. M'mawa tinapitirira mpaka ku Harare, makilomita pafupifupi 580 kuchokera ku Beitbridge, tikulipira m'zipata za ZINARA, bungwe la misewu la m'dzikomo. Pa marodibuloko apolisi ankangofuna laisensi ndi TIP, wina anafunsa chozimitsira moto, basi. Kuchoka ku Harare msewu umadzera ku Murewa ndi Mutoko, dera la mapiri a miyala ikuluikulu yosanjikizana, ndipo kutentha kumakwera pamene mukutsikira ku Nyamapanda, pamalire a Zimbabwe ndi Mozambique. Tinafika cha m'ma 2 koloko masana, ndili ndi chiyembekezo choti ku Tete tifika dzuwa lilipo.

Potuluka m'dziko TIP imabwezedwa, kuti mabuku awo asonyeze kuti galimoto imene inalowa yatulukadi, sinagulitsidwe m'njira. Mayi wa pazenera anatenga pepalalo, analiika pambali pa kope ya bluu buku, n'kuyendetsa chala pa manambala. Chala chinaima. Anatembenuza mapepala onse awiri kuti ndione ndekha. Nambala ya chesisi ili ndi zilembo ndi manambala 17, ndipo pamene panayenera kukhala 5 mnyamata uja analemba S. Pamapepala, galimoto imene inalowa pa Beitbridge sinali imene ndinkafuna kutuluka nayo pa Nyamapanda.

Thukuta linanditsika kumsana. Ndinadziwa kuti funso lili m'mitu mwawo ndi lakuti kodi galimotoyi siyakuba, ndipo sindingawanene, chifukwa magalimoto obedwa ku South Africa amadutsadi njira yomweyi. Anandiuza kuti ndiimike pambali. Anabwera apolisi awiri, tinatsegula boneti, anawerenga nambala ya injini, ndinagwadanso ndi kansanza kuseri kwa tayala, anayerekeza ndi ka disiki ka pagalasi ndi kalata ya kubanki. Zonse zinkagwirizana kupatula kachilembo kamodziko. Wamkulu wawo anandifunsa kuti analemba ndani, ndipo ndinanena zoona. Anangoti, "Bambo, pepalali lili ndi dzina lanu, amene analemba uja ali kuti tsopano?" Ndinalibe yankho. Anaimba mafoni, ndinalemba lipoti lalifupi ndi dzanja langa, n'kusaina. Palibe anandipempha ya fanta, ndipo ine sindinayerekeze kupereka. Mayi akunyumba anakhala pamthunzi wa lole ina akusenda malalanje, osalankhula kanthu. Tinachoka patatha maola atatu. Chimene chinatipulumutsa ndi kalata ya kubanki ija, poti inali ndi manambala onse olondola ndiponso foni yoti aimbire.

Pa Cuchamano, mbali ya Mozambique, mawindo ndi awiri ofunika: Migração ya anthu, Alfândega ya galimoto ndi katundu. Fomu ya galimoto ili m'Chipwitikizi, koma mukagwira bluu buku pambali mumatha kutsatira: marca ndi mtundu wa galimoto, matrícula ndi nambala yake, cor ndi utoto. Ndinalemba ndekha, alamu akundiwerengera mokweza, kenako tinasinthana, iwo akuyang'ana pepala ine ndikuwerenga. Inshuwalansi ya ku Mozambique tinagula m'kaofesi ka pompo, ndipo ndinaonetsetsa kuti masiku ake akukwanira ulendo wobwerera. Dalaivala wa lole amene tinaima naye pamzere anandiuza za Yellow Card ya COMESA, inshuwalansi imodzi yogwira ntchito m'mayiko monga Zimbabwe, Malawi ndi Zambia. South Africa ndi Mozambique sali m'bungwe limenelo. Osintha ndalama anatizinga ndi mipukutu ya meticais, ndipo tinasintha zochepa zokwana mlatho ndi chakudya, nditawerenga kawiri zanga zisanachoke m'manja.

Makilomita pafupifupi 145 opita ku Tete tinayenda kutada, chinthu chimene sindinkafuna. Mbuzi, njinga zopanda nyali, anthu oyenda m'mphepete mwa phula, malole othobwa m'maso. Titadutsa Changara ndinakumbukira amalume anga amene ankayendetsa malole m'zaka za m'ma 1980, nthawi ya nkhondo ya m'dzikomo. Msewu womwewu ankadutsa mumdipiti, asilikali a ku Zimbabwe akuwaperekeza, ndipo lole ikafera panjira mtima unkakhala m'mwamba. Nkhondoyo inatha mu 1992. Amalume ankati akafika pa Zobue ankatsika n'kukhala pansi kaye, miyendo ikunjenjemera. Ndinawafotokozera alamu nkhaniyi kuti tulo tisawagwire, koma inandikhazikanso mtima ineyo pa za maola atatu aja.

Ku Tete tinagona, ndipo ngakhale inali Julayi sitinafune bulangete. M'mawa tinawoloka Zambezi pa mlatho wa Samora Machel, wolendewera pa zingwe uja. Malole akuluakulu amadzera pa mlatho watsopano wa Kassuende umene unatsegulidwa mu 2014. Kutsidya kuli Moatize, tauni ya malasha, fumbi lakuda m'mbali mwa msewu. Kumeneko wapolisi wa pamsewu anatiimitsa. Ndinati "Bom dia", Chipwitikizi changa n'kuthera pomwepo. Ataona pasipoti anamwetulira n'kufunsa, "Muli kupita kumudzi?" Anthu a m'chigawo cha Tete amalankhula Chinyungwe ndi Chinyanja, ndipo tinamvana bwinobwino. Anafuna laisensi, pepala la Alfândega, inshuwalansi, mathirayango awiri ndi kajekete. Kajeketeko tinali titakapachika pampando, osati pansi pa katundu. M'midzi ndi m'matauni a ku Mozambique liwiro ndi 60, ndipo zikwangwani zina n'zofufutika, choncho ndikangoona nyumba zayandikana ndinkachotsa phazi. Amene akupita ku Lilongwe amapatuka chakutsogolo kulowera ku Ulongue mpaka pa Calomue ndi Dedza. Ife tinakwera mapiri kulunjika ku Zobue, mphepo ikuzizirira pang'onopang'ono.

Pa Zobue pepala la galimoto sindinalisiye, poti linali ndi masiku okwanira kubwerera. Ndinafunsa pazenera ndipo anandifotokozera chochita nalo, n'kudinda. Musaganize nokha pa nkhani imeneyi, funsani wa yunifolomu amene ali kuseri kwa galasi. Kuchoka pamenepo pali kamtunda ndithu, makilomita angapo a midzi ndi minda, musanafike pa chipata cha Mwanza.

Pa Mwanza pasipoti yanga inadindidwa m'kamphindi, ndi mawu akuti "Takulandirani, bambo." Galimoto ndiye inali yachilendo. Ine Mmalawi wa ku Lunzu, koma nambala ya GP, ya ku South Africa, inafunika TIP ya MRA monga ya mlendo wina aliyense. Anafuna kuona chilolezo changa chokhalira ku South Africa, kuti atsimikize kuti galimotoyo ibwereradi kumene yachokera. Ndinalipira ndalama ya msewu ya magalimoto akunja, ndinagula inshuwalansi ya ku Malawi, kenako tinapita ndi ofisala kukaona katundu. Pepala la mayi akunyumba linagwira ntchito yake apa. Iye ankawerenga, ife tikuloza: mabulangete, mapoto, utoto wa chiliza, sola yaing'ono ya amayi. Zina zinadutsa ngati katundu wathu wa paulendo, zina anatiwerengera msonkho potengera malisiti, tinalipira n'kulandira lisiti la boma. Popereka TIP, ofisalayo anagogoda ndi cholembera pa tsiku lothera. "Achimwene, masiku akamatha musanabwerere, mupite ku ofesi yathu ku Blantyre asanathe. Ndipo galimotoyi musaisiyire m'bale kapena kuigulitsa, mukatero ndi nkhani ya msonkho wonse." Ndisanachoke pazenerapo ndinatulutsa bluu buku n'kuyendetsa chala pa zilembo zonse 17, anthu a kumbuyo kwanga akudikira. Zinali zolondola.

Kunja kwa geti amayi anali atayala manachesi m'malichero, poti Julayi ndi nyengo yake ku Mwanza. Tinagula thumba lathunthu. Tinatsetsereka kudutsa Zalewa, apolisi a pa mlatho wa Shire anaona TIP ndi inshuwalansi n'kutikweza dzanja, ndipo tinalowa pakhomo ku Lunzu cha m'ma 3 koloko masana, tsiku lachitatu. Amayi anatuluka akululutira, adzukulu akuzungulira galimoto n'kumalemba mayina awo pa fumbi la ku Moatize. Usiku womwewo, anthu atagona, ndinalemba tsiku lothera TIP pa kapepala n'kukamata pa dashibodi. Kenako ndinakhala pakhonde ndi foni, bluu buku ili pamwendo, n'kuyamba kulemberatu TIP ya ku Zimbabwe ya ulendo wobwerera.