Mabering'i a ku Mitundu

Zaka zonsezi ndinkayendetsa kagalimoto ka petulo, kofatsa ngati mkamwini watsopano. Ndiye mu July ndinagula Hilux yakale ya dizilo. M'mawa mwake, kunja kukuzizira koopsa kwathu ku Area 25, nditailiza inangoyamba kho! kho! kho! ngati amayi akukonola chimanga. Mtima unangoti myuu. Yanoka basi! Ndinazimitsa n'kulipira galimoto yoti indikoke mpaka ku Biwi.

Makaniko anailiza, kutchera khutu, kenako n'kuseka mpaka kugwira boneti.

"Bwana, dizilo amayankhula chonchi. Muno mulibe mapulagi othetheka ngati a petulo. Mpweya umapanikizidwa mpaka kutentha, mafuta akangopoperedwamo amayaka okha, ndiye kugogodako. Kukazizira kumachita kunyanya. Muzidikira kaye kagetsi kopiringizika kaja kazime, mahita atenthe, kenako muziliza."

Anandiphunzitsanso zoyenera kuopa. Tswiii! ndi fanibeluti yakhwepa. Koma gu! gu! gu! wolemera wochokera pansi pa injini, wokula mukaponda moto, getsi la oyilo litayaka, amenewo ndi mabering'i, zimitsani pomwepo.

Ndinachokapo ndili katswiri, ine.

Sabata yotsatira tikuchokera kwa apongozi ku Mitundu, ndinamva gu! ngwe! gu! ngwe!

"Bambo a Chisomo," anatero mayi a kunyumba, "phokosolo mwina ndi…"

"Chonde, za injini tisiyireni ife. Mabering'i awa."

Anangopinda manja. Tisanafike n'komwe pa raundabauti ya Bunda ndinaimika, wokoka uja n'kudyanso ndalama zanga kachiwiri.

Makaniko anagunditsa sikuludiraiva yaitali pa injini, chogwirira chili kukhutu, apa ndi apo. Anaponda moto. Bwinobwino.

"Limamveka nthawi yanji, bwana?"

"M'mabampu."

"Injini sidziwa mabampu. Phokoso lake limatsata phazi lanu, osati msewu."

Anagwedeza galimoto yonse. Gu! ngwe! Anapinda mpando wakumbuyo, ndipo taonani mphika wa apongozi, chivundikiro chikuvina pamwamba, m'kati muli nkhuku yachikuda yootcha.

"Ndimafuna kunena zomwezo," anatero mayi a Chisomo, maso ali pa foni, "koma za injini ndinasiyira eni ake."

Makaniko anakana ndalama. Anangoitana anyamata ake atatu, n'kutuma mmodzi kukagula nsima.