Nyemba, tortilla ndi supuni ya mafuta: kuchepetsa thupi m'mabanja a Alatino

Ku Mexico, akuluakulu pafupifupi 7 mwa 10 alionse ndi onenepa mopitirira muyeso, ndipo matenda a shuga akupha anthu ambiri kumeneko. Vutoli likuvutitsanso mabanja a Alatino, anthu ochokera ku Mexico ndi mayiko ena a ku Latin America, amene akukhala ku United States. Dokotala akati achepetse nyama, ambiri amaona ngati akulandidwa chakudya cha makolo awo. Koma chakudya cha makolowo chinali kale cha m'munda: chimanga, nyemba ndi maungu, zodzalidwa pamodzi m'munda umene amautcha milpa. Zimene zinachuluka pambuyo pake ndi mafuta, ufa wa tirigu ndi zakumwa zotsekemera, ndipo ndi pamenepo poyenera kukonza.

Tiyambe ndi nyemba, chifukwa ndizo zimalowa m'malo mwa nyama. Kapu imodzi ya nyemba zophika imakhala ndi makalori pafupifupi 230, mapuloteni magalamu 15 ndi faiba magalamu 15. Faiba ameneyu ndi amene amachititsa kuti munthu akhale wokhuta nthawi yaitali. Chimene chimaononga nyembazi ndi kaphikidwe ka frijoles refritos, pamene amazikazinga n'kuzisinja m'mafuta a nkhumba. Supuni yaikulu imodzi ya mafuta aliwonse, a nkhumba kapena a m'botolo, ili ndi makalori pafupifupi 120, ndiye wophika akathira masupuni anayi, mphikawo wawonjezera makalori pafupifupi 500 popanda wina kukhuta kuposa kale.

Kaphikidwe kabwino n'kosavuta. Viikani nyemba maola 8 mpaka 12, tayani madziwo, muphike ndi madzi ena pamodzi ndi anyezi ndi adyo. Zikapsa musataye msuzi wake. Kazingani anyezi m'supuni yaing'ono imodzi ya mafuta, thirani nyemba ndi msuziwo pang'onopang'ono uku mukusinja. Msuzi ndi umene umazifewetsa. Amene amautaya amapeza nyemba zauma, ndiye amabwerera ku botolo la mafuta. Nyemba zofiira zikuluzikulu ziyenera kuwira kwambiri mphindi zosachepera 10, chifukwa zikangofunda pamoto wochepa zimasanzitsa ndi kutsegula m'mimba. Za m'chitini zitsukeni, mchere wambiri umachoka ndi madziwo.

Anthu ambiri amagwa ulesi m'sabata yoyamba chifukwa cha mpweya m'mimba. Yambani ndi theka la kapu ya nyemba patsiku, muziwonjezera pang'onopang'ono kwa masabata awiri kapena atatu, ndipo muzimwa madzi okwanira. M'mimba mumazolowera.

Pa nkhani ya tortilla, kamkate kopyapyala kokhala ngati chapati, kusankha ufa ndiye nkhani yaikulu. Tortilla yaing'ono ya chimanga ili ndi makalori 50 mpaka 60. Yaikulu ya tirigu, yokulungira ndiwo n'kupanga chakudya chotchedwa burrito, imadutsa 200 musanaikemo chilichonse, chifukwa poikanda amathiramo mafuta. Ya chimanga ili ndi ubwino winanso: chimangacho amayamba achiphika m'madzi a laimu, ndipo zimenezi zimathandiza thupi kupeza niacin, vitamini woteteza ku pellagra, matenda oononga khungu. Tortilla ziwiri kapena zitatu pa chakudya chimodzi n'zokwanira. Zitenthetseni pa chiwaya chouma chimene amachitcha comal. Mukangoziponya m'mafuta kuti zikhale tostada, tortilla zokazinga, phindu lija latha.

Mabanja a ku Puerto Rico ndi Dominican Republic amadalira mpunga ndi nthochi. Mu mpunga wawo wophika ndi nandolo, nthawi zambiri nandoloyo amachita kuwerengeka. Onjezani nandolo afike polingana ndi mpunga, ndipo muchotse nyama yankhumba yokometsera. Kukoma kwenikweni kumachokera ku sofrito, msakanizo wa anyezi, adyo, tsabola wosawawa ndi masamba onunkhira. Nthochi zaziwisi zoduladula zimene amazitcha tostones zimakazingidwa kawiri, choncho ndi bwino kuziwiritsa kapena kuziwotcha mu uvuni masiku wamba, zokazinga zizidikira phwando.

Zakumwa nazo sizoyenera kuzipeputsa. Chitini chimodzi cha Coca-Cola cha mamililita 355 chili ndi shuga magalamu pafupifupi 39. N'chifukwa chake boma la Mexico linaika msonkho wa peso (ndalama ya kumeneko) imodzi pa lita ya zakumwa zotsekemera mu 2014, ndipo mu 2020 linayamba kulamula zizindikiro zakuda zochenjeza pamapaketi. Zopangidwa pakhomo monga horchata, chakumwa cha mpunga, nazonso zimakhala ndi shuga wambiri. Agua de jamaica, yomwe imapangidwa ndi chidede chomwechi timachidziwa kwathu kuno, ndi yabwino ngati muchepetsa shuga sabata ndi sabata mpaka lilime litazolowera kuwawasa kwake.

Mbale ya tsiku ndi tsiku izioneka chonchi: theka likhale masamba monga nopales (masamba a kakitasi), shushu, kabichi, maungu anthete ndi tomato, gawo lotsala ligawidwe pakati pa nyemba ndi tortilla kapena mpunga. Samalani ndi mapeyala, chifukwa theka la peyala lalikulu limafika makalori 160, komanso ndi tchizi ndi kirimu zimene ambiri amawonjezera akasiya nyama. Kutsika theka la kilogalamu pasabata n'kokwanira, ndipo kumafuna kuchepetsa makalori pafupifupi 500 patsiku.

Amene wasiya nyama, mazira ndi mkaka zonse ayenera kumwa vitamini B12, chifukwa m'zomera mulibe wodalirika. Amene amabaya insulin kapena kumwa mankhwala a shuga ayambe wauza dokotala, popeza shuga akhoza kutsika mopitirira. Ndipo musaphikire wonenepayo mphika wakewake. M'mabanja amenewa anthu amadya pamodzi, nthawi zambiri agogo ndiwo amagwira chipande, choncho kambiranani nawo kaye za muyeso wa mafuta, mphika wa banja lonse usinthe.