Zikomo nonse amene munatithandiza posamuka mumzinda

Lero takwanitsa chaka chathunthu chichokereni mumzinda waukulu n'kusamukira m'tauni yaing'ono, ndipo ndaona kuti n'kulakwa kungokhala chete ngati kuti tinasamuka ndi nzeru zathu zokha. Pali anthu amene anatithandiza, ena ndi manja awo, ena ndi malangizo, ena pongotimvetsera pamene mutu unali utaima. Ndikufuna ndiwathokoze pagulu.

Tinakhala mumzindawo zaka 11, ndipo ana athu awiri anabadwira komweko. Ntchito inalipo, malipiro ankabwera mwezi ndi mwezi, koma pofika pa 20 m'thumba munkakhala muli mbee. Lendi yokha inkadya pafupifupi theka la zomwe ine ndi bambo a ana tinkapeza. Tinayesa kusamukira kunja kwa mzinda kumene nyumba zinali zotsikirako mtengo, koma zimene tinapulumutsa pa lendi zinathera pa basi, ndipo maola atatu tsiku lililonse ankathera pamsewu. Tinafika pobwereka ndalama kuti tibweze ngongole ya mwezi wapita. Tsiku limene eni nyumba anatipatsa kalata yokwezanso lendi, ndinaiwerenga nditaima pakhomo, chikwama chidakali paphewa. Ndinaipinda n'kuibisa kunsi kwa pilo, ndipo panapita masiku anayi ndisanawauze amuna anga.

Achemwali anga aakulu, inu ndiye ndiyambe nanu. Simunatiuze kuti tichoke, simunatiuzenso kuti tikhale. Munangobwera ndi kope n'kunena kuti, "Kwa miyezi iwiri muzilemba chilichonse chimene mwalipira, tsiku lomwelo, musadikire mawa." Itakwana miyeziyo munakhala nafe pansi mpaka usiku, cholembera chili m'manja. Ine ndinali nditaika mtima wonse pa lendi yotsika ya m'tauni yaing'ono, koma inu munandibweza. Munati tilembenso zimene tidzataye: malipiro anga adzatsika, makasitomala amene ndinawazolowera adzatsala, chipatala chachikulu chidzatalikira, ndipo ulendo uliwonse wobwerera mumzinda udzafuna ndalama. Munatiphunzitsa kuti choyenera kuyerekeza ndi ndalama yotsala pakutha pa mwezi, uku ndi uko, zonse zitalipidwa. Tsiku limenelo ndi limene ndinaona koyamba kuti munthu akhoza kulandira zochepa n'kutsala ndi zambiri. Munatikumbutsanso kuti kusamuka pakokha kumadya ndalama: galimoto yonyamula katundu, lendi yolipiriratu, yunifolomu zatsopano za ana, ndi miyezi yoyamba pamene ntchito isanakhazikike. Chifukwa cha inu tinadikira miyezi ina isanu kuti tisunge kangachepe tisananyamuke. Tikanapupuluma, tikanakayamba moyo watsopano ndi ngongole yatsopano.

Koma ndinene zoona, masamu atatha ndinali ndisanavomerebe. Chinkandigwira ndi manyazi. Ndinkaopa kuti anthu adzati mzinda wawakanika, abwerera m'mbuyo. Amayi anga, mawu anu pa foni aja sindidzawaiwala. Munandifunsa kuti, "Mwanangu, anthu ukuwaopawo, ndani mwa iwo anakulipirirapo lendi?" Ndinalira, ndipo usiku womwewo ndinagona tulo tabwino koyamba patapita nthawi yaitali.

Amuna anga, zikomo chifukwa chopirira nane. Mlungu uno ndinkati tipite, mlungu wotsatira ndinkati ayi, ndipo simunandikalipirepo. Nditakuonetsani kalata ija simunafunse chifukwa chake ndinaibisa. Munangoiyala patebulo n'kunena kuti tiiwerengere limodzi.

Ndithokozenso abwana a kuntchito kwa amuna anga, amene anavomera kuti azigwira ntchito pa intaneti n'kumapita ku ofesi kamodzi pamwezi. Popanda chilolezo chimenecho nkhani yonse ikanathera m'kope muja. Mnzanga wa kusukulu, iwe amene unatisunga milungu iwiri m'nyumba mwako kuti tikaone kaye tauniyo ndi maso athu, zikomo. Unatiyendetsa kusukulu, kuchipatala, mpaka unatiuza mbali imene madzi amavuta ndi kumene netiweki imagwira bwino. Nyumba imene ndinaikonda poyamba unandiletsa, ndipo mvula itagwa ndinaona chifukwa chake.

Inu amene munatiletsa kuchoka, musaganize kuti ndakuiwalani kapena kuti ndikukusungirani mangawa. Zina zimene munanena zinachitikadi. Mwana wathu wamng'ono amadwala mphumu, ndipo dokotala amene amamudziwa bwino tsopano ali kutali. Usiku wina chifuwa chitamubanika ndinakumbukira mawu anu onse. Miyezi itatu yoyamba ntchito yanga inayenda movuta kwambiri. Mwana wathu wamkulu anakhala milungu ingapo osandilankhula bwino chifukwa chosiyana ndi anzake. Machenjezo anu anatithandiza kukonzekera: tinapita ndi mankhwala okwanira, makalata a kuchipatala ali m'manja, ndipo tinagwirizana kuti mwanayo aziimbira anzake Loweruka lililonse. Aphunzitsi amene munamulandira n'kumukhazika pafupi ndi mtsikana amene lero ndi mnzake wapamtima, Mulungu akudalitseni.

Anansi athu akale, munadzuka m'bandakucha kudzatithandiza kumanga katundu. Sindidzaiwala mayi wa nyumba yoyandikana nafe akukulunga mbale zanga imodziimodzi m'manyuzipepala, misozi ili m'maso, akundiuza kuti ndilembe pa katoni iliyonse zimene zili m'kati. Alamu anga, munakwera pamwamba pa katundu kumangitsa zingwe, ndipo munakana ngakhale ndalama ya ulendo wobwerera.

Mzinda uja ndimausowa, sindingabise. Ndimasowa anzanga ndi phokoso lake lomwe. Koma masiku ano ndimafika pakhomo dzuwa lisanalowe, ndimakhala pansi n'kuona makope a ana, ndipo foni ikalira sindiyambanso ndadzidzimuka poganiza kuti ndi wangongole. Ngongole yomaliza tinamaliza kubweza mwezi wathawu.

Achemwali, kope lija likadalipo ndipo tikulembamobe. Mukabwera pa tchuthi mudzalione nokha tsamba la mwezi uno, mzere wa pansi penipeni.