Nimu wa apongozi ndi botolo la kuchipatala

Lachiwiri. Mwana wanga Tadala sanagonenso usiku wathawu, kukanda kokhakokha. Pakati pa zala, m'khwapa, pamchombo, paliponse timatuza, tina tayamba kuchita mafinya. Sabata ziwiri tsopano apongozi akumusambitsa madzi a masamba a nimu owiritsa, ndipo Loweruka anawonjeza kumufinyira ndimu pazilondapo. Mwana analira mpaka mawu kusasa. Lero ndinati basi, tinakwera kabaza kudutsa pa Kamuzu Road kupita kuchipatala, dzuwa la Salima litaswa kale mtengo.

Pamzere mpamene ndinamva zambiri. Mayi wina wa ku Senga Bay, mwana wake ali ndi zipere m'mutu, anati anayamba ndi adyo wosinja, kenako phulusa. Wina anati iye amapaka aloe vera m'mawa, za kuchipatala madzulo, "kuti zithandizane". Palibe amene ankanyoza mankhwala a dokotala, ayi. Onse amafuna zonse ziwiri. Koma onse anagwirizananso chimodzi: mukalowa musanene, amakalipa.

Ndiye nditalowa, adokotala atafunsa kuti mwamupakapo chiyani, ine pakamwa panangotuluka "palibe". Anagwira dzanja la Tadala, kuyang'ana khungu lofiira lija, nkundiyang'ana ine. "Mayi, ndimu uyu kapena adyo?" Manyazi ake! Ndinaulula zonse. Sanakalipe. Anati ndi mphere, ndipo amayambitsa ndi tizilombo tosaoneka ndi maso tomwe timaboola khungu nkuikira mazira mkati, ndipo kuyabwa kwake kumakula usiku. Za nimu sanalimbane nazo kwambiri, anangoti kusamba kokha sikufika komwe kuli mazirawo. Koma ndimu pa khungu lokandakanda anakaniratu: amawotcha, ndipo dokotala akabisiridwa angaganize kuti ndi matenda ena nkupereka mankhwala olakwika.

Tinalandira mankhwala a mafinya aja, ndi botolo la benzyl benzoate loti tiyambe zilonda zikauma. Kupaka thupi lonse kuyambira m'khosi kutsika, kukhala nawo maola 24 osasamba, wa mwana wosungunula ndi madzi. Ndipo nyumba yonse tipake tsiku limodzi, ngakhale amene sakumva kuyabwa. Zofunda ndi zovala kuchapa ndi madzi otentha, kuyanika padzuwa. Anandichenjezanso kuti kuyabwa kumatha kupitirira sabata zingapo tizilomboto titafa kale. Apa mpamene ndinaona ngozi, chifukwa ndikuwadziwa apongozi anga: pakangopita masiku atatu mwana akukandabe, adzati za azungu zalephera, bweretsani ndimu.

Madzulo ndinawapeza atathyola kale masamba ena, mphika uli pamoto. Ndinakhala nawo pamphasa nkuwafotokozera mwaulemu. "Amayi, akuti nanunso mupake." Anaseka mpaka kutsokomola. "Ine? Ana asanu ndi awiri ndalera ndi mtengo umenewu." Koma ndinawaona akudzikanda pamkono mobisa, pansi pa chitenje.

Tinamvana chonchi: ndimu ayi, ndipo tsiku lopaka mankhwala palibe kusamba chilichonse. Madzi a nimu a lero tawathira mu ndowa, tanyikamo mabulangete, akadali otentha. Iwo akuti nimu ndiye apha tizilomboto, ine ndikuti ndi kutenthako. Sitinatsutsane. Botolo lija alitenga okha, aliika pamwamba pa kabati pafupi ndi Baibulo lawo kuti ana asalifikire.