Mmene ndinaphunzirira kupanga pulogalamu ya pakompyuta yosadalira intaneti

Achinyamata ambiri amene akuphunzira kulemba mapulogalamu kuno ku Chipata amathamangira ku mawebusayiti ndi mapulogalamu a pafoni, ndipo sindikuwatsutsa. Ine ndinatsata njira ina chifukwa cha masitolo ogulitsa feteleza, mbewu ndi mankhwala a ziweto amene ali kuno, ku Katete ndi ku Petauke, kumene netiweki imabwera ndi kupita, pomwe malonda sadikira. Ndinali nditadziwa kale chiyambi cha Python, chinenero cholembera mapulogalamu, choncho ndinadzipatsa ntchito yeniyeni yophunzirirapo: kupangira amalume anga pulogalamu yolembamo katundu wa m'sitolo mwawo ndi ngongole za alimi.

Choyamba chinali kusankha chida chopangira mawindo a pulogalamuyo. C#, chinenero china cholembera mapulogalamu, pamodzi ndi WPF, imene Microsoft inatulutsa mu 2006, ndi yabwino koma imagwira pa Windows pokha. Electron, imene pulogalamu yolemberamo mapulogalamu ya Visual Studio Code inapangidwira, imanyamula msakatuli wonse wa intaneti wa Chromium m'kati mwake, ndipo laputopu ya m'sitolo ya amalume, yokhala ndi RAM ya 4 GB, ikanalemedwa nayo. Ndinasankha Qt, chida chochokera ku Norway chimene chinatuluka koyamba mu 1995 ndipo ndi chimene mawindo a VLC, pulogalamu yoonerera mavidiyo, anapangidwira. Kuti Qt igwire ndi Python pali PyQt ndi PySide6. Ndinatenga PySide6 chifukwa chiphaso chake cha LGPL chimalola munthu kugulitsa pulogalamu yake osaulula zonse zimene analemba, pomwe PyQt imafuna kuti utsate GPL, chiphaso chofuna kuti uulule zimene unalemba, kapena ulipire.

Kuika mabatani ndi matebulo pawindo sikunandivute. Luso lenileni linayambira pa kulekanitsa zinthu zitatu: chimene munthu akuona, malamulo a malonda, ndi kumene deta ikusungidwa. Ganizo limeneli ndi lakale, pakuti Trygve Reenskaug analilongosola mu 1979 ali ku Xerox PARC, malo a kafukufuku wa makompyuta ku America. Mu Qt zimatanthauza kuti tebulo looneka pawindo, QTableView, silisunga kanthu, koma limangofunsa gawo lina, QAbstractTableModel, kuti mumzere wakutiwakuti muli chiyani. Batani likadinidwa limatulutsa uthenga wotchedwa signal, ndipo ntchito yolumikizidwa kwa ilo, slot, ndiyo imayankha. Ndinadziikira lamulo lakuti kuwerengera mtengo kapena ngongole kusalembedwe m'kati mwa batani lililonse. Phindu lake ndinaliona pamene ndinayamba kuyesa malamulowo ndi pytest, chida choyesera mapulogalamu a Python, popanda kutsegula windo nkomwe.

Gawo limene ndinakhalitsapo ndi la kusunga deta, ndipo ndikuona kuti apa ndi pamene pulogalamu yophunzirira imasiyanirana ndi imene munthu angaikemo chuma chake. Ndinagwiritsa ntchito SQLite, pulogalamu yosungira deta m'matebulo, imene D. Richard Hipp anayamba mu 2000, chifukwa deta yonse imakhala mufayilo imodzi ndipo siifuna seva, pulogalamu yapadera yoyang'anira deta. Tiyerekeze kuti mlimi wa ku Chiparamba watenga matumba awiri a Urea pangongole. Pulogalamu iyenera kuchotsa matumbawo pa katundu wotsala, kenako kulemba ngongoleyo pa dzina lake. Magetsi akazima pakati pa ntchito ziwirizi, ndipo batire ya laputopu ili yakufa, matumba amasowa m'buku popanda wowatenga. Aliyense amene anali m'Zambia mu 2024, pamene chilala chinachepetsa madzi ku Kariba ndipo magetsi ankazima kwa maola ambiri tsiku lililonse, akudziwa kuti nkhani imeneyi si yongopeka. Mankhwala ake ndi transaction: ntchito ziwirizo zimamangidwa pamodzi kotero kuti zimalembedwa zonse kapena palibe imene imalembedwa. Ndinayesa zimenezi mwadala, kuipha pulogalamu ili pakati pa kulemba, mpaka nditakhutira kuti mabuku akutsala olondola.

Ndalama nazo zili ndi msampha wake. Kompyuta ikaphatikiza 0.1 ndi 0.2 mu Python imapereka 0.30000000000000004, chifukwa cha mmene imasungira manambala okhala ndi kadontho. Choncho ndalama zonse ndimazisunga mu mangwee monga manambala athunthu, ndipo K25.50 imalowa ngati 2550, nkudzasinthidwa pokhapokha ikamaonetsedwa. Posunga kope pa fulashi, sindikopera fayilo pomwe pulogalamu ikuigwiritsa ntchito; SQLite ili ndi njira yakeyake yopangira kope lodalirika, ndipo ndiyo imene ndinailumikiza ku batani lotsekera tsiku.

Chotsatira chinali kuuma kwa windo. Pulogalamu ya mawindo imazungulira mosalekeza kumvetsera mbewa ndi kiyibodi, ndipo ukaipatsa ntchito yaitali, monga kuwerengera malonda a nyengo yonse ya dzinja, imaleka kumvetsera. Pakadutsa masekondi pafupifupi asanu Windows imalemba kuti Not Responding, kutanthauza kuti pulogalamu siikuyankha, wogulitsa nkuganiza kuti zonse zawonongeka. Zili ngati sitolo ya wogulitsa mmodzi amene walowa kumbuyo kukawerenga matumba, anthu ali pamzere. Ntchito zolemera ndinazisamutsira ku QThread, njira ya Qt yoyendetsera ntchito pambali (thread) pomwe windo likupitiriza kumvetsera. Lamulo lake ndi louma: thread yothandizayo isakhudze batani kapena tebulo lililonse, koma itumize signal kuti thread yaikulu ndiyo isinthe zooneka. Ukaliphwanya, pulogalamu imagwa mwa apo ndi apo, m'njira yovuta kuifufuza.

Za kaonekedwe ndinaziphunzira nditakhala pampando m'sitolo muja tsiku la Loweruka, ndikuyang'ana manja a mtsikana wogulitsa. Dzanja limodzi limakhala pa ndalama, lina pa kiyibodi, ndipo mbewa saifuna. Ndinakonza dongosolo la Tab kuti lichoke pa dzina la katundu, lipite pa chiwerengero, kenako pa mtengo, ndipo Enter amalize malondawo. Izi zinathandizanso pa makina owerenga barcode, chifukwa ambiri a iwo amadzionetsa kwa kompyuta ngati kiyibodi. Amalume, atavala magalasi awo, anandiuza kuti, “Mphwanga, kabokosi kofunsa ngati ndatsimikiza kamatuluka kawirikawiri, moti ndimangodina osawerenga.” Ndinawayankha kuti, “Ndamva, amalume, ndikachotsa.” M'malo mwake ndinaika njira yobwezera malonda olakwika, ndipo funso lotsimikiza ndinalisiya pa kufufuta ngongole pokha. Mawu a pawindo ndinawaika m'Chinyanja ndi m'Chingerezi kudzera mu Qt Linguist, chida cha Qt chomasulirira mawu a pawindo, ndipo popeza mawu athu amakhala aatali, ndinasiya kupatsa mabatani muyeso wokhazikika, nkulola ma layout, amene amayala zinthu pawindo, kuti aziwatambasula okha pa sikirini yaing'ono ya 1366 ndi 768.

Git, pulogalamu yosunga mbiri ya masinthidwe a zolemba zako, ndinaigwiritsa ntchito kuyambira tsiku loyamba, ndipo palibe zambiri zoti ndinenepo kupatula kuti munthu asayambe popanda iyo.

Kufikitsa pulogalamu pa kompyuta ya munthu wina ndi phunziro lina palokha. PyInstaller imasonkhanitsa Python, Qt ndi zolemba zako kukhala pulogalamu yotsegulika, koma ya Windows iyenera kupangidwira pa Windows pomwepo. Kenako Inno Setup imapanga fayilo yoikira. Ndinapeza kuti Qt 6 imafuna Windows 10 kapena yatsopano kuposa apo, ndiponso kuti Python inasiya Windows 7 kuyambira pa 3.9, choncho ndimayamba ndafunsa mwini sitolo kuti kompyuta yake ili ndi chiyani ndisanalonjeze kanthu. Pulogalamu yopanda siginecha ya digito imachititsa SmartScreen, chitetezo cha mu Windows, kuchenjeza woiika, ndipo satifiketi yake ndi yolipira, motero pakadali pano ndimapita ndekha kukaika ndi kufotokoza chenjezolo. Fayilo ya deta imakhala mufoda ya AppData, osati mufoda ya Program Files, kumene wogwiritsa ntchito wamba saloledwa kulemba.

Chomaliza chimene ndinaphunzira ndi kusintha pulogalamu imene ili kale ndi deta ya anthu. Amalume atapempha kuti ngongole izitha kubwezedwa ndi matumba a soya kapena mtedza nthawi yokolola, panafunika kuwonjezera magawo atsopano m'matebulo osawononga zakale. SQLite ili ndi nambala yotchedwa user_version imene imasungidwa mufayilo momwemo. Pulogalamu ikatsegulidwa imawerenga nambalayo, imapanga kope la fayilo, imachita masinthidwe otsala motsatana m'kati mwa transaction, kenako imakweza nambala. Kusintha kulikonse ndimayamba ndakuyesa pa kope la deta ya m'sitolo, ndipo ndimakaika madzulo atatseka, osati m'miyezi ya Novembala ndi Disembala pamene alimi amadzaza pakhomo kufuna mbewu ndi feteleza.