Sutikesi yanga yopanda zipi ija

Popeza alamu anga ayamba kale kuifalitsa nkhaniyi pa WhatsApp, mpaka kuwonjezera zoti ndinalira, bola ndiifotokoze ndekha. Sindinalire. Linali thukuta. Aliyense amene anaimapo padzuwa la ku Chikwawa mwezi wa Okutobala akudziwa kuti thukuta limatulukira ndi m'maso momwe.

Sutikesiyo ndinaigulira ulendo wa ku Johannesburg kukaona achemwali, kukwera ndege koyamba. Inali yaing'ono, yolowa nayo m'ndege, koma ya mtundu wopanda zipi uja: m'mphepete monse chitsulo, zotsekera zolira kuti khethe, ndi loko wa manambala atatu. Mayi a kunyumba anati nditenge chikwama chawo cha zipi. Ine ndinangoseka. Ndinatenga bolopeni n'kubaya pakati pa mano a zipi yawoyo, chikwama yasa! Kenako n'kuyendetsa kachitsulo kake, chatsekekanso ngati palibe wakhudza. "Mwaona? Akuba amatero." Phunziro limeneli ndinalipereka kwa theka la anthu a pa Nchalo, ambiri osandifunsa n'komwe.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti zipi ili ndi chisoni. Ukadzaza kwambiri, chikwama chimangofufuma mimba, iwe n'kumakoka pang'onopang'ono mpaka kutseka. Chitsulo sichidziwa chibale. Achemwali anaitanitsa masau, malambe ndi mlamba wowamba, ndiye kuti sutikesiyo itsekeke ndinachita kuikhalira, mwana wanga wamkulu n'kukhala pamiyendo panga.

Titawoloka Shire, tisanayambe kukwera mapiri opita ku Blantyre, minibasi inaima pa rodibuloko. Wapolisi, munthu waulemu wake ndithu, anati, "Ya ndani iyi? Tatsegulani tione, bambo." Ndinatsika ndi mapewa m'mwamba kuti anthu aone katundu wa anthu okwera ndege. Ndinazunguza manambala. Zii. Ndinazunguzanso. Zii.

Ndinayesa manambala omalizira a foni yanga. Ndinayesa a foni ya mayi a kunyumba. Ndinayesa tsiku la ukwati wathu, ndipo pamenepo m'pamene ndinazindikira kuti nalonso sindikulikumbukira bwino. Anthu anayamba kutsika mmodzimmodzi kudzathandiza maganizo. Kondakitala anati 123. Abusa ena anati 777. Bambo wina wa kumpando wakumbuyo anati 666, abusa aja n'kumuyang'ana diso loti akakumana kumwamba. Mphunzitsi wina anawerengera mokweza kuti kuchokera pa 000 kufika pa 999 pali manambala 1,000, ndiye tikamayesa imodzi pa masekondi atatu titha mphindi 50. Dalaivala atamva zimenezo anazimitsa injini. Mayi wogulitsa nthochi anasamutsa lichero lake kudzakhala pafupi nafe, malonda n'kuyamba kuyenda. Ndikhulupirira mayi ameneyo amandipempherera mpaka lero.

Kenako kamtsikana ka sukulu kanati, "Amalume, mwayesa maziro atatu?" Ndinakayankha kuti nambala ya ku fakitale ndinaisintha usiku wathawu, ine si mwana. Koma poti anthu onse anali kundiyang'ana, ndinaika 000 kuti kaone kokha.

Khethe! Phwaa!

Paja posintha nambala umayenera kudina kabatani kena kaye. Ine ndinangozunguza manambala n'kukagona. Ndiye katundu amene anapanikizidwa ndi anthu awiri anapeza ufulu wake. Masau mbwee mumsewu monse, ena n'kugubuduka ngati akubwerera kwawo ku Ngabu. Mlamba umodzi unatera pansapato ya wapolisi, ndevu zili m'mwamba, kukamwa yasa, ngati nawonso ukufuna kufunsidwa mafunso. Pamwamba pa zonse panayalika kabudula wanga wamkati wamaluwamaluwa, amene alamu akuti anali atatu, koma anali mmodzi. Wapolisi anayang'ana mlamba, anayang'ana kabudula, anayang'ana ine, n'kuti, "Taona, bambo. Tsekani."

Nditseke bwanji? Mwana wanga anali atatsala ku Nchalo. Kondakitala anaikhalira, inakana. Abusa anaikhalira, inakana. Mapeto ake mnyamata wa kabaza anandigulitsa mphira ya chubu yomangira katundu panjinga, n'kuizengereza sutikesi yonse kanayi ngati mtolo wa nkhuni.

Ndinafika nayo choncho pa Chileka. Pa sikelo inapitirira makilogalamu 7 amene ankalola kulowa nawo m'ndege, ndipo mbali yaikulu ya kulemerako chinali chitsulo chenichenicho, osati masau, poti masau ambiri anatsala ndi ana a pa rodibuloko paja.

Komabe tinene zoona, pa anthu onse aja palibe amene akanaitsegula ndi bolopeni. Mfundo imeneyi mayi a kunyumba ndawauza kawiri. Iwo amangofunsa kuti mphira ija ndinaisiya kuti, akufuna amangire nayo thumba la makala.